Mpweya wa m'chibaluni ndi nkangala ya amayi

Loweruka lina mwezi wa Ogasiti mlongo wanga anakonza kaphwando ka mwana wake wamkazi amene ankakwanitsa zaka 7. Kunali ku Area 25, pabwalo la nyumba, mphepo ikuulutsa fumbi monga imachitira nyengo imeneyo. Anthu okongoletsa anabwera ndi nsalu zawo, mipando ya pulasitiki, ndi silinda yachitsulo yotalika ngati mwana wa sitandade 4. Mnyamata wawo ankaveka chibaluni kukamwa kwa silindayo, kutsegula, fyuu, chibaluni n'kutupa, iye n'kumanga ulusi. Akachisiya sichinkagwa pansi ngati zibaluni zathu zija zouzira ndi pakamwa. Chinkakwera n'kukagunda denga la khonde, ulusi uli lendelende.

Amayi anali atabwera kuchokera ku Ntcheu, ndipo anakhala pamkeka pakhondepo n'kumayang'ana zibalunizo mosazikhulupirira. Kenaka mchimwene wake wa mwini phwando, mnyamata wa fomu 1 amene mawu ake anali atangoyamba kumene kukula, anamasula chibaluni chimodzi, kuchiika pakamwa, kukoka mpweya, n'kudzagwada pamaso pawo.

"Mwaswera bwanji agogo?"

Mawu amene anatuluka anali a kabakha. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Amayi anadzidzimuka mpaka kugwira pamtima, n'kunena kuti, "Iwe, wameza chiyani? Lavula!" Ataona kuti mwanayo akuseka, nawonso anayamba kuseka mpaka misozi.

Ine ndimaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo khutu langa linagwira chinthu china chimene chinandisowetsa mtendere masabata angapo. Mnyamatayo anakokanso mpweya uja n'kuyambitsa nyimbo yofunira mlongo wake mafuno abwino. Anzake analowa. Mpweya utamuthera pakati pa mzere, mawu ake enieni anabwerera, koma iye anali akadali pa kiyi yomweyo imene anayambira. Sanadumphe, sanatsike, ndipo anzake sanafunike kumusakasaka. Aliyense pabwalopo akanalumbira kuti mawu a mwanayo anakwera. Nanga ngati anakweradi, zinatheka bwanji kuti nyimbo ikhale pamalo amodzi?

Ndinayamba kuwerenga ndi kufunsa, ndipo yankho lake ndi ili: mpweya umenewu, umene dzina lake ndi helium, sukweza noti imene munthu akuyimba kapena kuyankhulira. Umasintha chinthu china, ndipo khutu lathu limanamizika. Kuti zimveke, tiyenera kuyamba tagawa mawu a munthu pawiri.

Gwirani pakhosi panu ndi zala ziwiri, pamene pali kafupa kotukuka kaja, ndipo munene kuti "aaa". Mumva kunjenjemera. M'kati mwa kholingo muli timinofu tiwiri toyang'anizana ngati milomo. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa pakati pake, timinofuto timatsegula ndi kutseka mofulumira kwambiri. Mwa bambo wamkulu zimachitika cha m'ma 100 mpaka 120 pa sekondi imodzi akamayankhula wamba, mwa mayi cha m'ma 200, mwa mwana kuposa apo. Chiwerengero chimenechi ndiye noti. Chimadalira kutalika kwa timinofuto, kunenepa kwake, ndi mmene mwatikokera. Tena akafuna kukwera amatikoka kuti tikungike, monga mmene woyimba gitala amapotokolera kachitsulo kuti waya ulimbe. Mnyamata akamakula timinofu timeneti timatalika ndi kukhuthala, n'chifukwa chake amene chaka chatha ankayimba sopulano mumamupeza akupempha kulowa besi.

Timinofuto ndi nyama. Kulemera kwake sikusintha chifukwa chakuti mwapuma mpweya wina. Helium ikadutsapo timagundabe pafupifupi pa liwiro lomwelo. Ichi ndi chimene khutu langa linagwira pabwalo paja.

Koma phokoso limene timinofuto timapanga si mawu a munthu ayi. Mukanati mulimve palokha, popanda khosi ndi kamwa pamwamba pake, likanamveka ngati bemberezi. Ndiponso si noti imodzi yokha. Timinofu tikamagunda ka 120 pa sekondi, m'phokosomo mumakhalanso timawu tina ta 240, ta 360, ta 480, n'kumakwera choncho mpaka masauzande, tonse nthawi imodzi. Ine ndimakonda kuziona ngati kwaya yathunthu imene yaima m'kholingo, kuyambira besi wapansi mpaka tiana tapamwamba, onse akuyimba pamodzi popanda wowawongolera.

Wowongolera ndiye njira imene phokosolo limadutsa, kuchokera pakholingo, kukwera m'mero, kudzera m'kamwa mpaka pamilomo. Mwa bambo wamkulu njira imeneyi ndi yotalika pafupifupi masentimita 17. Ili ngati paipi, ndipo paipi iliyonse ili ndi timawu timene imatikonda n'kutikuza, ndi tina timene imatipondereza. Amene munauzirapo pakamwa pa botolo la Fanta mukudziwa: botolo lopanda kanthu limalira pansi, huu, mukathiramo madzi mpaka pakati limalira pamwamba, chifukwa malo a mpweya achepa. Njira ya masentimita 17, munthu atangotsegula pakamwa osapinda lilime, imakuza timawu ta cha m'ma 500, cha m'ma 1,500 ndi cha m'ma 2,500. Mukasuntha lilime kapena kuzunguliza milomo, malo okuzawo amasuntha. Ndiye ngati mphunzitsi wa kwaya amene akuloza kuti inu uko kwezani, inu apa tsitsani. Nyimbo ndi yomweyo, kiyi ndi yomweyo, koma kamvekedwe kasintha.

Mukhoza kudzionera nokha popanda chibaluni chilichonse. Gwirani noti imodzi, musaisiye, ndipo muyende nayo kuti a, e, i, o, u. Noti sinasunthe, koma mwatulutsa mawu asanu osiyana. Kholingo linangogwira ntchito imodzi, zonse zinazo zachitika ndi lilime, nsagwada ndi milomo. Kenaka nong'onani zilembo zomwezo. Ponong'ona timinofu tija sitigunda n'komwe, mpweya umangodutsa kuti fuu, komabe womvera akhoza kusiyanitsa "a" ndi "u". Pamenepo mwamva ntchito ya paipi payokha.

Apa ndi pamene helium imalowerera, ndipo nkhani yake ndi ya liwiro.

Tonse tinaonapo munthu akuwaza nkhuni tsidya lina la dambo. Nkhwangwa imagwa, kenaka patapita kamphindi m'pamene mumamva kuti kho. Phokoso limatenga nthawi kuti liyende. Mumpweya umene timapumawu limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, n'chifukwa chake mukawerenga masekondi atatu pakati pa kung'anima ndi kugunda kwa bingu mumadziwa kuti mphezi yagwa pamtunda wa kilomita imodzi. Phokoso si mpweya umene ukuuluka kuchokera kwa wowaza nkhuni kubwera kwa inu. Ndi kukankhana, kanthu kakang'ono ka mpweya kukankha kanzake, kanzakeko kukankhanso kena, ngati anthu a pachitukuko amene andanda mzere kupatsirana njerwa kuchokera pa uvuni kukafika pamaziko. Palibe amene akuyenda, koma njerwa ikufika. Tsono apatseni malalanje m'malo mwa njerwa, muone mmene mzerewo ufulumirire.

Helium ndi yopepuka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuyerekeza ndi mpweya wathu. Asayansi akamayeza amati mpweya wamba ndi 29, helium ndi 4. Ndi chifukwa chake chibaluni chimakwera, ndipo ndi chifukwa chomwecho phokoso limathamanga m'menemo, pafupifupi mamita 1,000 pa sekondi, kutanthauza kuwirikiza pafupifupi katatu.

M'paipi ya m'khosi ija phokoso silimangotuluka ulendo umodzi. Limafika pamilomo, gawo lina n'kubwerera m'kati, kukagunda pansi, kubweranso, kumangopita ndi kubwera. Timawu timene paipi imakuza ndi tija timene kugunda kwake kukugwirizana ndi nthawi ya ulendo wopita ndi kubwerawu. Paipi ikakhala yaifupi ulendo umatha msanga, ndiye imakuza timawu tapamwamba. Koma ulendo ukhozanso kutha msanga paipi isanafupike, ngati phokosolo layamba kuthamanga. Kwa phokoso, njira ya masentimita 17 yodzaza helium yokhayokha ili ngati njira ya masentimita 6, yaifupi ngati ya khanda. Pachibaluni sizifika pamenepo chifukwa helium imasakanikirana ndi mpweya umene unatsalira m'mapapo, koma kusinthako kumakwanabe kuti khutu lidabwe. Wowongolera kwaya uja watembenukira kwa tiana tapamwamba n'kutiuza kuti tikuwe, besi n'kumuuza kuti akhale chete. Besiyo akadalipo, akuyimbabe noti yake, koma sakumvekanso bwino.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza ndi zimenezi. Choyamba ndi kaseti. Amene tinakula ndi wailesi za kaseti timakumbuka mmene woyimba ankasandukira chimphona mabatire akamatha, kapena kukhala ngati kambewa tepi ikamathamanga. Pamenepo chilichonse chimasuntha limodzi, noti, kamvekedwe, ngakhale liwiro la kuyankhula. Helium simachita choncho. Munthu amayankhula pa liwiro lake lomwe, pa noti yake yomwe, paipi yokha ndiye yasanduka yaing'ono. N'chifukwa chake mawuwo samveka ngati a mwana weniweni. Amamveka ngati a bakha, chinthu chimene sichigwirizana chokha: noti ya munthu wamkulu ikutuluka m'khosi la khanda. Chachiwiri ndi chitoliro. Chitoliro chilibe timinofu, noti yake imapangidwa ndi mpweya wa m'paipimo basi. Mutachidzaza helium, chimenecho ndiye chikhoza kukweradi n'kutaya kiyi. Munthu ali ngati bangwe kapena kaligo, pamene chingwe ndi chimene chimalamula noti, chikho kapena chitini n'kumangokometsa ndi kukuza.

Mbali inanso ilipo. Kuli mpweya wolemera kwambiri wotchedwa sulphur hexafluoride, umene amagwiritsa ntchito m'zipangizo zikuluzikulu zamagetsi. Ndi wolemera kasanu kuposa mpweya wathu, ndipo phokoso limayenda m'menemo mwaulesi, osafika ngakhale theka la liwiro lake la masiku onse. Munthu akaupuma amamveka ngati chimunthu chachikulu cha mawu amanzenene. Noti sinatsike, paipi ndiyo yakhala ngati yatalika.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri pa zonsezi n'chakuti khutu lathu limayeza kukula kwa munthu pomvera paipi imeneyi, ife osadziwa. Wina akagogoda usiku n'kunena kuti "odi", musanatsegule mwadziwa kale ngati ndi mwana, mayi kapena bambo wamtali. Simunaphunzire kusukulu. Ubongo umamva pamene timawu tokuzidwa tagona n'kuwerengera kuti khosi limeneli ndi lalitali chonchi, ndiye mwini wake ndi wamkulu chonchi. Amayi anadzidzimuka pamkeka paja chifukwa maso ankawauza kuti wagwada apa ndi mdzukulu wawo wa fomu 1, pomwe khutu linkawauza kuti ndi kanthu kosakwana m'manja. Ndipo si anthu okha. Asayansi ena, mwa iwo Stephan Reber ndi Tecumseh Fitch, anaika ng'ona yaikazi ya mtundu wa ku China m'bokosi lotsekedwa, n'kuipumitsa helium wosakaniza ndi okosijeni kuti isabanike, kenaka n'kujambula kubangula kwake. Kamvekedwe kanasuntha monga mmene kamasunthira mwa munthu, kusonyeza kuti nayonso ng'ona imagwiritsa ntchito paipi ya m'khosi, ndipo kubangula kwake kukhoza kuuza zinzake msinkhu wake. Ntchito imeneyi inalandira mphoto ya Ig Nobel mu 2020, mphoto imene imaperekedwa kwa kafukufuku amene amayamba wakuseketsa kenaka n'kukuganizitsa.

Ife oyankhula Chichewa tili ndi mwayi womvetsa kugawika kwa mawuku kuposa oyankhula zinenero zina, chifukwa chinenero chathu chimagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri posiyanitsa matanthauzo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba chimodzimodzi. Pakamwa lilime limayenda chimodzimodzi. Kusiyana kuli pakholingo: pa mtengo womera timakweza "te", pa mtengo wa pamsika sitikweza. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona n'chimodzimodzinso. Kusiyana kumeneku helium singakukhudze, pakuti ndi kwa timinofu tija. Chimene ingasokoneze ndi a, e, i, o, u, zimene zimapangidwa ndi paipi. Kunong'ona kumachita zosemphana ndi zimenezi: zilembo zimamveka bwinobwino, koma yesani kunong'oneza mnzanu liwu lakuti "mtengo" palokha, muone ngati angadziwe msanga kuti mukunena uti.

Kuli anthu amene mawu a kabakhawa si masewera kwa iwo, ndi vuto la pantchito. Odumphira pansi pa nyanja mozama, monga okonza mapaipi a mafuta, sangapume mpweya wamba, chifukwa naitirojeni amene ndi gawo lalikulu la mpweya wathu, pafupifupi 78 pa 100 alionse, amaledzeretsa munthu akapanikizidwa ndi kulemera kwa madzi. Ndiye amawapatsa okosijeni wosakaniza ndi helium, ndipo ena amakhala m'chipinda chachitsulo masabata angapo akupuma zimenezi usana ndi usiku. Amene ali pamwamba amavutika kumva zimene akunena, mpaka pamafunika makina obweza kamvekedwe ka mawuwo pamalo pake. Mu 1965 Scott Carpenter, yemwe anali atazungulirapo kale dziko m'chombo cha m'mlengalenga, anakhala masiku 30 pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la California, m'nyumba yoyesera ya asilikali apamadzi a ku America yotchedwa Sealab II. Anakonza zoti ayankhule pafoni ndi Pulezidenti Lyndon Johnson akadali m'chipinda cha helium, ndipo olumikiza mafoni anavutika naye kwambiri asanamulumikize, posamva zimene kamawu kameneko kankanena.

Ndibwerere pabwalo paja, chifukwa tsikulo silinathe ndi kuseka kokha.

Keke itadulidwa, akuluakulu tili pa mpunga ndi nkhuku, anyamata anatengana kuseri kwa nyumba ndi zibaluni zingapo. Ankapikisana kuti ndani atalikitse mawu a kabakha. Mmodzi, mwana wa oyandikana nawo nyumba, anakoka kamodzi, kutulutsa, kukokanso, kutulutsa, kukokanso kachitatu osapumirapo mpweya wamba pakati. Ine ndinali kupita kukasamba m'manja pampopi ndipo ndinaona ndi maso anga. Anayamba kunena kanthu, akumwetulira, kenaka mawondo anangopindika. Anagwa chammbali pafupi ndi mulu wa njerwa, mutu kuphonya njerwazo pang'onong'ono. Maso anali atatembenuka, milomo itachita mbuu. Anzake ankasekabe poyesa kuti ndi sewero. Ndinamugoneka bwino, ndikumuitana, ndipo patapita masekondi angapo anapuma mwamphamvu n'kutsegula maso. Funso lake loyamba linali lakuti, "Ndagwa bwanji?" Sanamve kalikonse kakubwera.

Mawu akuti sanamve kalikonse ndi amene ndikufuna kholo lililonse liwasunge. Helium si poizoni. Ilibe fungo, siyaka, silowerera m'thupi n'kuwononga kanthu. Choopsa chake n'chakuti imatenga malo a okosijeni, amene mumpweya wamba alimo 21 pa 100 alionse, ndipo thupi lathu lilibe belu lochenjeza kuti okosijeni wachepa. Befu amene mumamva mukagwira mpweya kapena mukamira m'madzi sabwera chifukwa chosowa okosijeni. Amabwera chifukwa mpweya woipa wa carbon dioxide wachuluka m'magazi. Munthu amene akukoka helium n'kumatulutsa akutayabe mpweya woipawo bwinobwino, ndiye thupi limaona ngati zonse zili m'malo. Pamene zili choncho, mapapo odzaza helium amayamba kuchita ntchito chobwerera: m'malo mopereka okosijeni kumagazi, amayamba kulanda amene anali kale m'magazimo. N'chifukwa chake munthu amakomoka msanga kuposa amene wangogwira mpweya. Wagwa ali chiimire akhoza kumenyetsa mutu. Amene wavala chinthu kumutu, monga chibaluni chachikulu kapena pepala la pulasitiki, akakomoka sangachichotse, ndipo anthu amwalira motero m'mayiko osiyanasiyana.

Chimene chinandiwiritsa magazi ndinachiona nditadzutsa mwanayo. Silinda ija inali itasiyidwa pomwepo kuseri, yotsamira khoma, popanda woiyang'anira, mwini wake atapita kukadya. Mnyamata wina anandiuza yekha kuti zibaluni zikanatha amafuna akoke kuchokera kusilindako. Mpweya wa m'silinda ndi wopanikizidwa mwamphamvu zedi. Woika pakamwa pamenepo n'kutsegula, mpweyawo umalowa ndi mphamvu yong'amba mapapo, ndipo timathovu tikhoza kulowa m'mitsempha n'kukatseka magazi opita ku ubongo. Zimenezo sizidikira kukoka katatu, kamodzi n'kokwanira. Ndinainyamula ndekha n'kukaitsekera m'chipinda. Mlongo wanga anati, "Achimwene, musakalipe pamaso pa alendo," ndipo sindinakalipe, koma ndinamuuza mnyamata wokongoletsayo mawu ochepa amene ndikhulupirira sanawaiwale. Pali chinanso: chibaluni chogula panjira simudziwa chimene athiramo. Ena amathira mpweya wina wopepuka wotchedwa hydrogen chifukwa ndi wotsika mtengo, ndipo ameneyo amayaka akakumana ndi moto, ngakhale wa kandulo ya pakeke.

M'mawa mwake zibaluni zimene zinatsala zinali pansi, zitakwinyika ngati mapapaya ofota. Palibe anazibowola. Tizidutswa ta helium ndi tating'ono kwambiri moti timadutsa m'mphira ya chibaluni pang'onopang'ono usiku wonse. Tikatuluka timasakanikirana ndi mpweya, ndipo m'kupita kwa nthawi timakafika pamwamba penipeni n'kuthawiratu padziko lapansi. Mumpweya umene timapuma helium ilimo yochepa zedi, magawo asanu okha pa miliyoni.

Mbiri yake ndi yachilendo. Ndi chinthu chimene anthu anachiona padzuwa asanachipeze pansi pano. Pa 18 Ogasiti 1868 kunachitika kadamsana amene anaoneka bwino ku India, ndipo akatswiri a zakuthambo, mmodzi wa iwo Jules Janssen wa ku France, anayang'ana malawi a m'mphepete mwa dzuwa ndi chipangizo chogawa kuwala m'mitundu yake ngati utawaleza. Chaka chomwecho kunaoneka kamzere kachikasu kamene sikankagwirizana ndi chinthu chilichonse chodziwika. Norman Lockyer wa ku England ananena kuti ndi chinthu chatsopano, ndipo dzina linachokera ku helios, liwu la Chigiriki lotanthauza dzuwa. Panapita zaka 27 kuti William Ramsay aipeze m'mwala wokhala ndi uranium, mu 1895. Kumeneko ndiye kwawo kwa helium yapansi pano: uranium ndi thorium zikamaphwanyika pang'onopang'ono m'miyala kwa zaka mamiliyoni, zimatulutsa helium, ndipo ina imakodwa pansi pamodzi ndi gasi. Mu 1903 anthu a m'tauni ya Dexter ku Kansas anakumba chitsime cha gasi, kusonkhana kuti akondwerere pochiyatsa, koma gasiyo ankazimitsa moto m'malo moyaka. Atamuyeza anapeza kuti ambiri ndi naitirojeni, ndipo pafupifupi magawo awiri pa 100 ndi helium. Mpaka lero helium yambiri imachokera m'zitsime za gasi za ku America, Qatar, Algeria ndi Russia. Mu 2016 asayansi a ku mayunivesite a Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza yochuluka kwa anansi athu ku Tanzania, m'dera la Rukwa, m'chigwa chachikulu chomwechi chimene chasunga nyanja yathu.

Sindine wodana ndi zibaluni, ana amakondwa nazo ndipo inenso ndinakondwa. Koma zimandikhudza ndikaganiza kuti mpweya umene unaphwera pakhonde la mlongo wanga ndi womwewo umene makina a MRI amadalira. Helium imasanduka madzi pa madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo madzi ozizira chonchowa ndi amene amaziziritsa maginito a makina ojambula m'kati mwa mutu ndi msana wa wodwala. Palibe fakitale imene ingapange helium yoti n'kudzaza silinda. Imene yathawa yathawa.

Amayi anakhala kwathu sabata ina asanabwerere ku Ntcheu. Madzulo ena magetsi atazima tinakhala panja, ndipo anandifunsa kuti, "Paja mwana uja anameza chiyani kuti ayankhule ngati bakha?" Ndinayesa kuwafotokozera za timinofu ndi paipi, za botolo, za kwaya ya m'kholingo. Ndinkaona ngati ndikuwataya. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye nkangala imeneyo."

Ndinali nditaiwala kuti ali mtsikana ankaimba nkangala. Ndi kauta ka bango kokhala ndi chingwe chimodzi, choimba cha amayi ndi atsikana, chimene mawu ake ndi apansipansi moti amamva bwino ndi mwini wake ndi amene wakhala naye pafupi. Mbali imodzi ya bangolo amaitsamiritsa pakamwa, dzanja lina likukhwatcha chingwe. Anandionetsa ndi manja opanda kanthu mumdimamo, chala chikukhwatcha mpweya, masaya ndi lilime zikuyenda.

"Chingwe chilibe nyimbo zambiri," anatero. "Chimangolira zomwezomwezo. Nyimbo umaipeza m'kamwa. Ukakuza m'kamwa imatsika, ukachepetsa imakwera, koma chingwe sunachikhudze kukunga kwake. Ife tinkadziwa zimenezo tisanaone chibaluni."

Ndinawafunsa ngati angathebe kuimba. Anati mano ena anachoka, ndiye sakudziwa ngati m'kamwa mungamvere monga kale, koma ndikawapezera bango louma bwino, lotalika ngati mkono wawo, ayesa. Bangolo ndinakalidula kumtsinje wa Lingadzi Loweruka lotsatira, ndipo lili padenga la khitchini likuuma.